Mitengo Imadzuka Mvula Isanagwe

Pofika pakati pa Seputembala, chidikha cha Kasungu chimakhala chitauma gwa. Mvula yomaliza inagwa mu Epulo. Udzu wapsa, lupsa lili bii mbali zonse za msewu wa M1, akamvuluvulu akuzunguza fumbi m'minda momwe munali fodya, ndipo phiri la Kasungu likungooneka mwachizimezime chifukwa cha utsi. Zitsime zayamba kuphwa, amayi akulawirira ku mjigo nkhuku zisanatsike. Ndiye m'masabata omwewo, popanda ndi dontho limodzi lomwe, mitengo ya kutchire imaphuka. Tsamba, mombo ndi mchenga, imene inayoyola masamba chisanu chikutha, imatulutsa masamba anthete ofiira psuu, ena oderako, ena achikasu, onse onyezimira padzuwa. Pakapita masabata awiri kapena atatu nkhalango ili biriwiri, pansi pake pakadali phulusa.

Chinthu chimenechi ndachiona chaka ndi chaka koma mtima wanga sunachizolowere. Akatswiri amene amayang'ana nkhalango za miombo pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga apeza kuti sizichitika ku Kasungu kokha. Nkhalango za mtundu umenewu zinayala malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 2.7 miliyoni, kuyambira ku Angola, kudutsa Congo, Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo pafupifupi konseko mitengo imabiriwira masabata angapo mvula isanayambe. Madzi imawatunga pansi penipeni kumene mizu yake yaitali imafika, mphamvu n'kutenga pa chakudya chimene inasunga m'thunthu ndi m'mizu dzinja lapita. Chimene chimaidzutsa, akatswiri ambiri amati ndi kutalika kwa usana pamodzi ndi kutentha kobwera chisanu chikatha. Kufiira kuja nako kuli ndi ntchito yake: ndi utoto woteteza tsamba lanthete kuti dzuwa lisaliwambe lisanakhwime. Tsiku limene mvula idzagwe, mtengo udzakhala utakonzeka kale, masamba ali tambasu, ndipo sudzataya ngakhale sabata imodzi ya dzinja.

Munthu ukazimva izi umangogwira pakamwa. Mtengo ulibe maso, ulibe wailesi yomverapo zanyengo, koma umawononga nkhokwe yake yonse pa nthawi imene kunja kulibe chilichonse cholonjeza mvula. Namalenga anauphunzitsa kuwerenga usana. Ndipo kuti tisadziyese kuti tazimvetsa zonse, anatiikiranso nsangu m'minda, mtengo wochita zosemphana ndi anzake: umabiriwira m'chilimwe, mvula ikabwera n'kuyoyola masamba, kusiyira chimanga cha pansi pake dzuwa ndi manyowa.

Anthu a ku China anaona kudzuka kwa dziko kotereku kwawo, ndipo iwo anakulemba. Buku lawo lakale la zamankhwala, Huangdi Neijing, lomwe linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, lili ndi gawo lofotokoza mmene munthu ayenera kukhalira pa nyengo iliyonse ya chaka. Pa miyezi itatu ya mphukira limalangiza kudzuka m'mamawa, kuyenda pabwalo mosapupuluma, kumasula tsitsi ndi thupi lonse, kuleka zamoyo zikule, ndi kukhala wopatsa osati wolanda. M'kaganizidwe ka asing'anga awo, nyengo ya mphukira imayendera limodzi ndi mtengo, mtundu wake ndi wobiriwira, chiwalo chake m'thupi ndi chiwindi, ndipo chimene chimachivulaza ndi mkwiyo. Chaka chawo chaulimi anachigawa zigawo 24 potsata dzuwa, kawerengedwe kamene bungwe la UNESCO linakaika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2016. Chigawo chotsegulira mphukira, Lichun, chimayamba cha pa 4 Febuluwale. Cha pa 5 kapena 6 Malichi pamabwera Jingzhe, pamene amati mabingu amadzutsa tizilombo togona pansi pa nthaka.

Ine sindikhulupirira kuti chiwindi chili ndi mwezi wake, ndipo madokotala a masiku ano sanapeze umboni wotero. Sitingatengenso miyezi yawo n'kuiika pa ife: pamene kwawo kukuphukira, kuno tili pakati pa dzinja, chimanga chikumasula ngayaye. Pa mphukira yawo iwo amatuluka m'chisanu choumitsa madzi, pa yathu ife timalowa m'ng'anjo ya Okutobala. Koma muzu wa nzeru yawo ndi woona, ndipo makolo athu ankaudziwanso: thupi la munthu silikhala kunja kwa nyengo. Limadya zimene nyengo yabala, limadwala zimene nyengo yabweretsa, limagwira ntchito pa maola amene dzuwa lalola. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo analemba pa pepala, pamene ife malangizo athu tinawasiya m'tchire, m'dimba ndi m'kamwa mwa agogo.

Za kudzuka m'mamawa, mlimi wa fodya wa kwa Santhe, kwa Wimbe kapena kwa Kaomba safuna buku lomuuza. Nazale amafesa mu Ogasiti ndi Seputembala, pafupi ndi dambo kapena chitsime, ndipo kuyambira pamenepo m'bandakucha umamupeza ali ndi keni m'manja. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi: galamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 10,000, moti pofesa amaisakaniza ndi phulusa kapena kuithira m'madzi a m'keni kuti imwazike bwino. Amafundika bedi ndi udzu, kuthirira m'mawa ndi madzulo, podziwa kuti m'mera mpoyamba. Kanjere kosaoneka bwino ndi maso kaja ndi kamene kadzatulutse chomera chofika m'mutu mwa munthu, cha masamba aatali kuyambira paphewa mpaka kuzala. Kaya munthu amaukonda fodya kapena amadana naye, mbewu yake yokha ndi yochititsa kaso.

Akachoka ku nazale amapita kukaunga mizere, ndipo dzuwa likafika paliwombo khasu limagona. Nyenje zikayamba kulira mosalekeza m'mitengo, anthu amakhala patsinde pa mango, chikho cha thobwa chikuyenda. Alendo ena amati umenewu ndi ulesi, koma ndi nzeru yosunga moyo. Munthu wolima pa kutentha kwa Okutobala amataya madzi ambiri ndi mchere kudzera m'thukuta, ndipo akaumirira masana amayamba chizungulire ndi mutu, impso nazo n'kumavutika mwakachetechete. Thobwa limabwezera madzi ndi mphamvu nthawi imodzi. Chizindikiro chosavuta chili mu mkodzo: ukada, ndiye kuti thupi likupempha madzi, ngakhale pakhosi pasanaume.

Masamba ofiira aja saphukira maso athu okha. Pansi pa mitengo, m'dothi louma, mumakhala mutagona tizilombo timene tinadzikwirira chaka chatha titakhuta masamba. Nato timawerenga nthawi. Timatuluka titasanduka agulugufe akuluakulu ouluka usiku, n'kuikira mazira pa masamba a mtondo ndi anzake, ndipo mazirawo amaswa pa nthawi imene masamba ali ofewa, oyenera kamwa ya kambozi kobadwa kumene. Ndiwo matondo amenewo, ndiwo ya Okutobala mpaka Disembala. Akawafinya, kuwawiritsa ndi mchere n'kuwayanika, kuposa theka la kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi, ndipo alinso ndi ayironi wothandiza magazi. Tangoganizani kuchuluka kwa zinthu zimene ziyenera kukumana kuti mbale imodzi ya matondo ifike pa mphasa: mtengo udzuke pa nthawi yake, gulugufe atuluke pa nthawi yake, moto usadutsepo mochedwa. Moto wa mu Okutobala ndi woopsa chifukwa umatentha mazira ndi masamba anthete pamodzi, pamene wa kumayambiriro kwa chisanu, udzu usanaumitsitse, umangonyambita pansi n'kupita.

Nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, yomwe inakhala paki mu 1970, ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, ndipo malo ake ndi oposa masikweya kilomita 2,300 mpaka kumalire ndi Zambia. Ambiri amaidziwa chifukwa cha njovu, makamaka zija 263 zimene anazisamutsira kumeneko kuchokera ku Liwonde mu 2022. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inayamba kulola anthu a midzi yozungulira kulowa m'pakimo kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Akatswiri awiri a kuno kwathu, a Munthali ndi a Mughogho, analemba mu 1992 kuti matondo ndi uchi zinkatha kupindulitsa banja kuposa chimanga, nyemba kapena mtedza. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri: nkhalango yosalimidwa ndi munthu, yosathiridwa feteleza, ikupikisana ndi munda.

Masuku nawo amayamba kugwa chakumapeto kwa Okutobala, ana n'kumalawirira kukatola, mabeseni n'kudzaza m'mphepete mwa msewu. Mango akutsatira mu Novembala. Taonani nthawi imene zonsezi zikubwera. Nkhokwe yayamba kupepuka, ndalama za fodya zochokera ku okushoni ya Chinkhoma zinatha kalekale, zotsala zapita ku feteleza, ndipo kutsogolo kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene anthu a ku Kasungu amene anaona njala ya 2002 saitchula mwachibwana. Pa mpata womwewu tchire limayamba kutulutsa chakudya, china pambuyo pa chinzake, mosadukiza. Akatswiri adzati zinthuzi zimangotsata kutentha ndi chinyezi, ndipo akunena zoona. Ine ndikaona kukumana kwa nthawi kumeneku ndimaonanso dzanja la Chauta.

Kenako kumwamba kumasintha. Anamzeze ochokera ku Ulaya afika, atauluka makilomita masauzande ambiri. Chizimalupsa chimagwa tsiku limodzi kapena awiri, kuzimitsa phulusa, kunamiza osapirira kuti adzale. Mvula yeniyeni imadikira mpaka kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Madzulo ena mitambo imaunjikana bii, mphepo n'kuima zii, Mphambe n'kung'anima, ndipo fungo la dothi lonyowa limafika mvula isanafike. Ngakhale ching'aning'ani chili ndi mphatso: moto wake umasungunula nayitirojeni wa mumpweya, mvula n'kumutsitsira m'nthaka kuti zomera zidye. M'mawa mwake aliyense ali m'munda, ena akudzala chimanga, ena akuwokera fodya.

Apa m'pamene Mchewa ndi Mtchaina angamvane popanda womasulira, pakuti kunonso mabingu amadzutsa za pansi pa nthaka. Mafulufute amatuluka, kenako ngumbi, miyandamiyanda, kuchokera m'zulu zimene chaka chonse zinali chete. Chiswe chinazilera mumdima kwa miyezi, kuzinenepetsa, kudikira tsiku limene dothi lidzafewe kuti zikayambitse zulu zatsopano. N'chifukwa chake ngumbi sizifuna mafuta pokazinga, zimabwera ndi ake. Kwa mwana amene wakhala akudya nsima ya mfutso kwa miyezi, kambale ka ngumbi ndi mafuta ndi nyama pamodzi.

M'chulu momwemo muli chodabwitsa china. Chiswe chimalima. Chimatafuna udzu ndi timitengo n'kumanga timinda m'kati mwa chulu, mmene chimaweta mtundu wa bowa umene umafewetsa chakudya chake. Mvula ikagwa, bowayo amaboola dothi n'kutuluka kunja, ife n'kumuzula n'kumati tapeza utale. Ndelema ndi manyame ali ndi njira ina: ulusi wawo umakulunga timizu ta tsamba, mombo ndi msuku, kupatsa mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo n'kumabwezera shuga wopangidwa m'masamba. Pangano limeneli n'lakale kuposa mudzi uliwonse wa m'dziko muno. N'chifukwa chake bowa ameneyu sadzalidwa m'munda, ndipo pamene mitengo yatha nayenso amatha. Pozula bowa, mwana azitsagana ndi wamkulu wodziwa, chifukwa pali wina wooneka bwino koma wowononga chiwindi m'masiku ochepa, ndipo pafupifupi dzinja lililonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha iye.

Mitengo imeneyi ndi imene yakhala ikulowa m'mabani owambira fodya. Kasungu anakula ndi fodya, kuyambira masiku a minda ikuluikulu ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority mpaka alimi ang'onoang'ono a bale a lero. Fodya wowamba ndi moto amadya nkhuni, wa bale amafuna mapolo a zigafa, ndipo minda yatsopano inkafuna kugwetsa tchire. Sindingaloze chala mlimi, pakuti fodya yemweyo waphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata. Koma mtengo ukalowa m'bani sulowa wokha: umapita ndi matondo ake, bowa wake, uchi wake. Chotonthoza n'chakuti miombo siifa msanga. Chitsa chosazulidwa chimaphukanso, pakuti mizu yake ikadali yamoyo pansi. Alimi amene amasiya zitsa m'munda, n'kumadulira mphukira kusiyapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu, amapeza mtengo msanga kuposa wodzala mbande, komanso safunika kuthirira.

Sabata ziwiri mvula itagwa, m'mbali mwa khola ndi kuseri kwa nyumba mumamera bonongwe, luni, chisoso ndi denje, popanda wofesa. Anthu a ku China nawo amatuluka m'nyengo yawo ya mphukira kukathyola masamba omera okha ndi nsonga zanthete za mitengo, ndipo pa ichi sindikaika konse kuti akulondola. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi vitamini A wothandiza maso ndi ayironi wa magazi, ndipo ayironi wa m'masamba amalowa bwino m'thupi akakumana ndi vitamini C wa m'tomato, m'mango kapena m'masuku. Luni ndi wowawa, ana amakwinya nkhope, koma nsinjiro zimamuweta. Chofunika n'kusaphika mpaka masamba atada, ndi kusachulutsa soda kapena chidulo, pakuti zimapha mavitamini ena. Zimandiwawa kuona munthu akupalira bonongwe n'kumutaya kunja kwa munda, madzulo n'kukagula kabichi.

Nanga chiwindi chija? Ngakhale chilibe mwezi wake, pa nyengo ino chimakhaladi pa ngozi, pa chifukwa chimene asing'anga akale sakanachiona ndi maso. Kasungu ndi dziko la mtedza ndi chimanga. Chinyezi chikabwerera, mbewu zosungidwa m'matumba ogona pansi kapena m'nkhokwe yodontha zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Amaunjikira chiwindi mavuto pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kwa ana amayendera limodzi ndi kupinimbira. Vuto limakula chifukwa mtedza wabwino umapita ku msika, wonyala ndi wowola n'kutsala pakhomo kuti usinjidwe. Amene akufuna kusamala chiwindi chake mvula isanagwe ayambe wakwera padenga la nkhokwe n'kulifolera, aike matumba pa thandala, asankhe mtedza asanasinje, wowolawo autaye osapatsa ngakhale nkhuku.

Walira mvula walira matope. Madzi amene amadzutsa ngumbi amakokololanso zonyansa n'kuzithira m'zitsime zosatetezedwa, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini. Amadzazanso zithaphwi ndi mapondedwe a ng'ombe, mmene udzudzu umaswana, malungo n'kuchuluka kuyambira Januwale mpaka dzinja litatha. Neti imene inapindidwa m'chilimwe chifukwa cha kutentha iyenera kusokedwa ndi kupachikidwa mvula yoyamba isanagwe.

Ndipo pa malungo m'pamene mankhwala akale a ku China analowa m'nyumba iliyonse ya ku Kasungu, ambiri osadziwa. M'zaka za m'ma 300, sing'anga wina dzina lake Ge Hong analemba za chitsamba chotchedwa qinghao, kuti wodwala malungo achinyike m'madzi, achifinye n'kumwa madziwo. Mu 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati ndipo asilikali akutha ndi malungo osamva chloroquine, boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofufuza mankhwala atsopano. Mayi Tu Youyou analowa m'ntchitoyi mu 1969. Iwo ndi anzawo anasanthula mabuku akale n'kuyesa zitsamba zambirimbiri. Qinghao ankagwira ntchito lero, mawa osagwira, mpaka mayiwa atabwerera ku mawu a Ge Hong n'kuzindikira kuti mkuluyo sananene zowiritsa. Moto ndi umene unkawononga mphamvu ya chitsambacho. Atasintha njira n'kuyamba kutulutsa mankhwalawo mosatenthetsa, mu 1971 anapeza ogwira ntchito nthawi zonse, ndipo mu 1972 anayamba amwa okha asanapatse odwala. Mankhwalawo ndi artemisinin, ndipo mu 2015 mayiwa analandira mphotho ya Nobel.

Mphamvu imeneyo Namalenga anaibisa m'timatumba tating'onoting'ono ta pa masamba a chitsamba chomera m'mbali mwa njira, ndipo inadikira zaka zoposa 1,600 kuchokera pa Ge Hong kuti wina aiyese bwinobwino. Ndikaganiza za mitengo ya m'nkhalango ya Kasungu, makungwa ndi mizu imene agogo athu amaitchula maina, ndimalakalaka ana athu a ku mayunivesite ataipatsa ulemu womwewo: kuiyesa moleza mtima, kusunga zogwira ntchito, kunena poyera zosagwira.

Dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine, mu 1993, n'kutenga Fansidar. Nayenso atafooka, mu 2007 tinayamba LA, amene ndi mankhwala awiri m'mbulu umodzi: artemether wochokera ku artemisinin uja, ndi lumefantrine amene anapangidwanso koyamba ku China. Woyambayo amakantha tizilombo mwachangu n'kutuluka m'thupi, wachiwiriyo amatsalira kumaliza totsala. N'chifukwa chake bungwe la WHO sililimbikitsa kumwa tiyi wa masamba a chitsambachi m'malo mwa mankhwala a kuchipatala: mlingo wake sudziwika, ndipo tizilombo topulumuka tingaphunzire kupirira. Thupi likatentha m'dzinja, koyamba n'kukayezetsa magazi. Akapeza malungo, LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mpaka mbulu womaliza, ngakhale wodwala atayamba kale kusewera panja. Ndipo popeza lumefantrine amalowa bwino m'magazi akatsagana ndi chakudya chamafuta, wodwalayo ayambe wamwa mkaka, kapena phala lothira nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino.